Bakha M'ndowa ya Amai

Mwamva zimene anthu akhala akunong'onezana ku Kanyama, kuno ku Lusaka? Ati Ba Virginia, aja ogulitsa munkoyo, chakumwa chonga thobwa, pa sitesheni ya mabasi, amaphikira madzi a m'ngalande. Ati umboni ulipo, vidiyo. Ine Tiwo nkhani ndimazikonda, sindikana. Pa mpopi ndimakhala woyamba kufika ndi womaliza kuchoka. Koma iyi inandiwawa, chifukwa Ba Virginia amenewo ndi amai anga.

Ndikuuzeni mmene zinayambira. Kuno kwathu mvula ikagwa, madzi salowa m'nthaka, amalowa m'nyumba. M'mawa wina tinadzuka madzi atafika m'akakolo. Amai anavala magambutsi, anatenga ndowa yachikasu n'kuyamba kukapa madziwo kutayira panja. Pamenepo bakha wathu, amene timamutcha Kombe, anadumphira m'ndowamo n'kukhala phee ngati bwana m'galimoto. Akamutulutsa, abwerera. Akamutulutsa, abwerera. Mapeto ake anangomunyamula momwemo, iye khosi lili njo. Malume anga Ba Moven anaseka mpaka kutsokomola, uku akujambula ndi foni. Anatumiza vidiyoyo kwa anzawo a mpira pa Watsapu.

Kumeneko munthu wina, amene sitikumudziwa mpaka lero, anaidula. Anachotsa pamene amai akutaya madzi panja, anasiya pamene akutunga pokha. Anaikapo kanyimbo kovinitsa ndi mawu akuluakulu akuti: MUNKOYO WA KU KANYAMA UPANGIWA SO. Tsoka lake, ndowa imene amai amagulitsiramo munkoyo nayonso ndi yachikasu. Ife timadziwa kuti yokapira madzi ili ndi chogwirira cha waya, koma pa foni ndani angaone waya? Maso onse anali pa bakha. Komanso inali nyengo imene aliyense amaopa kolera.

Makondakitala amene amamwa kwa amai m'mawa uliwonse anayamba kudutsa patali.

"Ba mai, lelo muli na wa bakha olo wa nkhuku?" anakuwa wina ali pakhomo la minibasi.

Ba Fanwell, tcheyamani wa ogulitsa pa sitesheni, anawaitanira pambali. "Ine nikudziwani, Ba Virginia, koma bantu badandaula. Iyi nkhani ikapitiliza, malo muzasiya."

Amai anabwerera ndi ndowa yodzaza. Munkoyo unasasa, tinautaya. Malo amenewo ndi amene amatidyetsa, ndiye atangokhala pa mpando, ine mtima unandithawa. Ndinalanda foni ya malume kuti ndikatukane onse amene amaseka pansi pa vidiyoyo. Ndinali nditakonza kale mawu okhudza mutu wa kondakitala uja.

Mwamwayi analowa Ba Sophia, aneba athu, amene amathandiza ku kiliniki ndipo amayenda khomo ndi khomo kuphunzitsa za madzi abwino.

"Iwe Tiwo, ika foni pansi," anatero. "Ukatukana, bazakuyankha. Bakakuyankha, vidiyo iyenda patali. Uzankhala monga uthila palafini pa mbaula."

Kenako anatembenukira kwa malume. "Ba Moven, munabapempha ba sisi banu musanatumize?"

Malume anakanda m'mutu. "Awe. Nenze kuseka chabe."

"Imwe munaseka, benangu banalila. Vidiyo yonse ikali mu foni?"

Inali ilipo. Ba Sophia anatiuza chochita. Malume aitumize yonse, yosadula, m'magulu momwe yodulayo inadutsa, ndipo apepese ndi dzina lawo. Aliyense amene tikumudziwa kuti anatumiza yabodza timupemphe aifufute. Anationetsa podina kuti tidandaule kwa eni ake a Watsapu kuti vidiyoyo ndi yonamizira munthu. Anatinso tisunge chithunzi cha mawu aja, kuti wina akapitiriza tikhale ndi chokaonetsa kupolisi.

Tinachita zonsezo. Ena anafufuta, ena anapepesa. Koma vidiyo yaitaliyo sinayende. Ndinakafufuza pa mpopi, paja kumeneko ndiye ku ofesi kwanga. Mnzanga Ndaona anandiuza poyera. "Mwandi ni itali. Ndani angasilize bandulo kutamba muntu ataya manzi?"

Ndinathamangira kwa Ba Sophia. "Bantu sibatumiza vinthu va nzelu, batumiza vosekesa. Bodza inayenda na bakha. Nanga zoona sizingayende na bakha?"

Anandiyang'ana, kenako anaseka. "Kamwa kako aka lelo kagwila nchito. Koma yamba wafunsa bene bake."

Ndinagwada pafupi ndi amai n'kuwapempha kuti tijambule vidiyo ina. Iwo anati, "Nivale chitenge chabwino poyamba. Ija vidiyo nenze monga chipuku cha ku manda."

Malume anajambulanso, ulendo uno ndi chilolezo. Amai akusamba m'manja ndi sopo. Madzi a ku mpopi akuwira pa mbaula. Ndowa ya munkoyo yotsuka bwino, ya chivundikiro. Ba Sophia anaima pambali ndi yunifolomu yawo nanena mawu ochepa okhudza kuwiritsa madzi. Ndiye Kombe, ngati tinapangana naye, anabwera akuyenda monyang'wa kulunjika ku munkoyo.

"Iwe Kombe!" anakuwa amai. "Kuno ni kwa makasitoma. Ofesi yako ni iyo!"

Analoza ndowa ya waya ija, imene ine ndinali nditailemba dzina la Kombe ndi penti. Bakha anatembenuka, anakwera, anakhala, khosi njo.

Abale, vidiyo imeneyo inauluka! Azakhali a ku Matero anatiimbira akuseka. Itafika ku Chawama inabwerera kwa ife kudzera kwa munthu amene samadziwa n'komwe kuti ndife eni ake. Ba Fanwell anaionetsa okha kwa ogulitsa anzawo, ndipo za kusiya malo sanazitchulenso. Kondakitala wamwano uja anabwera ndi manyazi ake, chipewa chili m'manja.

"Ba mai, nipaseniko wa mu ofesi ya bantu."

"Uzamwa," anatero amai, "koma yamba wanionesa kuti ija yakudala wafuta."

Anafufuta amai akuona. Tsiku limenelo ndowa inabwera yopanda kanthu, amai akuimba nyimbo ya kwaya njira yonse.

Phunziro lake ndi ili. Kuseka si mlandu, ngakhale ine vidiyo zoseketsa ndimazikonda. Koma munthu amene ali m'vidiyo ali ndi dzina, ali ndi ana, ali ndi ntchito. Musajambule kapena kutumiza munthu musanamupemphe. Vidiyo yaifupi ikhoza kukhala yodulidwa, ndipo mawu olembedwa pamwamba pake akhoza kukhala abodza. Ngati simukudziwa kumene yachokera, isiyeni ithere pa inu. Mukazindikira kuti munatumiza bodza, fufutani, ndipo tumizani zoona kwa anthu omwewo.

Ife tinapulumuka chifukwa tinali ndi Ba Sophia ndi bakha wokonda kamera. Nanga mayi uja amene mukumuseka mu foni yanu lero, chala chili kale pa batani lotumizira, mwafunsa kuti ndi amai a ndani?