Sefuliya ya Ana a Mkombaphala

M'mudzi monse, kuyambira kumtsinje wa Domasi mpaka kutulukira pamsewu wa ku Songani, sefuliya yaikulu inali imodzi yokha, ya ana a mkombaphala. Ankaisunga ndi Christobel, mlezi wa anawo, mayi wongodzipereka wopanda ndi malipiro omwe. M'mawa ankaimba nawo, kuwaphunzitsa kuwerenga ndi zitsekerero za mabotolo, kuumba nawo ng'ombe zadongo, dzuwa likakwera n'kuwagawira phala la soya. Koma tisanamizane abale, mwezi wa Febuluwale ana ambiri sankabwerera nyimbo ayi. Ankabwerera phalalo.

Mmodzi wa iwo anali Zubair, wazaka zinayi, mwana wa Rahema. Bambo ake anapita ku Joni, ndipo ankatumiza malamulo pafoni koma osatumiza chakudya. Kwawo moto unkayaka mwa apo ndi apo. Phala la kusukulu ndi lomwe linkamugwira mwanayo, ndipo Christobel ankadziwa, n'chifukwa chake zotsalira pansi pa sefuliya ankakokotera iyeyo.

Ndiye tsiku lina kunatulukira a Jones, mlongo wake wa Christobel. Loweruka kunali chinkhoswe cha mwana wawo, ndipo ankafuna kubwereka sefuliya.

"Mpunga wokhatu, achimwene," anatero Christobel. "Mukudziwa kuti ana anga ambiri ndi Asilamu."

"Mpunga wokha, chemwali. Kodi ndine mwana ine?"

Mxii! Bola mwana amamva. Mpunga anaphikira m'mapoto ang'onoang'ono, nkhumba yonse n'kulowa m'sefuliya ya ana, poyerayera, odutsa m'njira akuona. Pofika Lamulungu nkhani inali itafika kale mpaka kutali ku Naisi.

Lolemba kunabwera ana owerengeka. Makolo achisilamu anakwiya, ndipo angawanene ndani? Anapereka ana awo mokhulupirira, wina n'kuwachita chipongwe chotere. Christobel anasenza sefuliya ulendo kwa ashehe, manyazi atamugwira. Ashehe anali munthu wofatsa. Anamuuza katsukidwe kake, ndi madzi ndi dothi, natuma akazi awo kukaonerera kumtsinje. Lachisanu analengeza kumzikiti kuti sefuliya yayera, ana abwerere kusukulu.

Anabwereradi, mmodzimmodzi. Zubair yekha sanaoneke.

Christobel anamulondola kwawo. Anamupeza pakhonde atafumbata ng'ombe yake yadongo yothyoka nyanga, akuimba chapansipansi a e i o u.

"Amake Zubair, ashehe ayankhulatu. Mwana abwere."

Rahema anayang'ana pansi. "Madamu, si ine ayi. Bambo ake anamva ku Joni konko. Akuti mwana akangopondako, banja latha. Achimwene awo a Mubarak amakhala nyumba iyo, maso ali pa ine."

"Nanga akudya chiyani?"

Rahema anangoloza kambale ka masamba a maungu owiritsa, opanda ndi mchere womwe.

Christobel anathamangira kukomiti ya sukulu kukapempha kuti azimupatsa ufa wa phala pang'ono, Rahema aziphika yekha m'poto wake. Iii, anthu a m'komiti! Akuti ufa sutuluka pasukulu, tikayamba ndi mmodzi mawa mudzi wonse ufola pano. Akuti tikambirana pamsonkhano. Tsiku la msonkhano mvula inagwa, osabwera ndi mmodzi yemwe. Lotsatira kunali maliro kutsidya. Kwa Christobel nakonso kunalibe choti n'kugawa, ana ake ankagonera madeya. Anadikira, poopa dzina loti wakuba pamwamba pa dzina la nkhumba lija. Mtima unkamupweteka tsiku lililonse akamakokota sefuliya, koma anadikirabe.

Atatopa nako kudikira, anatapa ufa, n'kuumanga pansonga ya chitenje, kaya wina aone kaya asaone. Anapeza chitseko cha Rahema chili chotseka. Mayi woyandikana nawo ndi amene anamuuza kuti mwana amutengera kuchipatala pa kabaza, mapazi atatupa, tsitsi litafiira, kulira komwe akulephera. Christobel anakhala pansi pakhonde pomwepo, ufa uli m'manja. Ng'ombe yadongo ija inali pambali pa chitseko.

Zubair sanabwerenso ndi moyo.

M'mawa mwake Christobel anali kusukulu, akusesa osadziwa chimene akusesa, pamene anamva odi. Anali a Mubarak, maso ali psu ndi kulira, manja atawapinda kumbuyo.

"Madamu, pepani. Anthu achuluka pamaliro, mapoto athu achepa. Timati tibwereke sefuliya ija."

Mawu anadzaza m'kamwa mwa Christobel, ena oyenera a Mubarak, ena a Jones, ena akomiti, ambiri oyenera iye mwini. M'malo mwake anangotulutsa sefuliya ija. Anaisenza yekha pamutu mpaka kusiwa.

Inaphika tsiku lonse. Anadya akuluakulu, anadya akomiti, a Jones nawo anabwera kudzapepesa n'kudya, ndipo panalibe anafunsa kuti sefuliyi inaphikapo chiyani. Madzulo azimayi anaibweza isanatsukidwe. Christobel anatenga chipande mwachizolowezi, n'kukokota zapansi zonse mpaka kambale kudzaza, kenaka anatembenuka kuti aitane mwana.