Pulogalamu Yosanena Zikakanika

Pakampani ina yogulitsa zipangizo zomangira ankangomutchula kuti aMawaya. Ofesi yake inali kuseri kwa nyumba yosungiramo katundu, kachipinda kopanda zenera, momwe munali tebulo, makompyuta awiri ndi fani yomwe inkapukusa mutu ngati ikukana mlandu. Anthu ankalowamo pokhapokha china chikawonongeka. Chimwalirireni mkazi wake, nayenso analeka kutuluka pa nthawi ya nkhomaliro.

Ntchito yake inali kusamala detabesi, nkhokwe ya m'kompyuta momwe munkalembedwa katundu yense wolowa ndi wotuluka. Ankayankhula nayo kudzera m'kapulogalamu ka sikirini yakuda, kongolembamo malamulo. Kapulogalamuko kanali ndi khalidwe limodzi lomunyansa. Munthu ankatha kukatuma kuti kapereke lamulo kunja, kwa makina enieniwo, monga lakuti akopere mafayilo ku disiki ina. Makina akamaliza lamulo lililonse amabweza nambala: ziro ngati zayenda, nambala ina ngati zakanika. Koma kapulogalamuko kankangoimeza nambalayo n'kukhala duu. Zitheke, zikanike, nkhope inali imodzimodzi. Nthawi ina disiki inadzaza, kukopera kunkakanika mwakachetechete, ndipo pomwe kompyuta yaikulu inadzafa, panalibe pogwira. Ogwira ntchito onse anawerenga katundu pamanja, msomali ndi msomali.

Pulogalamuyo inali yaulere, yosamalidwa ndi gulu la anthu a m'mayiko osiyanasiyana, ndipo aliyense ankaloledwa kuwatumizira zokonza. AMawaya analemba mizere yake ya malamulo a kompyuta yoti nambala ija izisungidwa ndi kuonetsedwa, n'kutumiza pa imelo. Sankayembekezera yankho.

Koma linabwera, lochokera kwa mmodzi mwa osefa zokonza, munthu wosainira ndi zilembo ziwiri zokha. "Ganizo ndi labwino," analemba choncho, "koma nanga lamulo likadulidwa lisanathe, mukuganiza kuti lizibweza chiyani?" AMawaya anawerenga mobwerezabwereza mpaka tiyi anazizira m'kapu. Panali patapita nthawi yaitali munthu asanamufunse zomwe iye akuganiza.

Anakonza, n'kutumiza. Wosefayo anapezanso china. Anakonzanso. Anayamba kufika kuntchito mlonda asanatsegule geti yaikulu, kuti akaone ngati kwabwera mawu. Wosefayo anali wouma pakamwa, komabe nthawi zina ankaponyamo kanthabwala: "Mzere uwu ndi wautali ngati msonkhano wa Lolemba, udulenkoni." AMawaya ankaseka yekha m'kachipindamo, n'kudabwa ndi mawu ake omwe.

Kenaka zolakwika zinatha. Anaona ndi maso ake kuti ntchito yapsa, ndipo mtima unangoti myuu. Ankadziwa mwambo wa gululo: zokonza zikalandiridwa, nkhani imatsekedwa, wosefa n'kupita kwa ena. Choncho asanatumize, anabwezeramo dala kacholakwika kamodzi, kakang'ono. Wosefayo anakapeza, n'kulemba imelo yaitali yofotokoza. Ulendo wotsatira aMawaya anaikamo kena, kobisika kwambiri.

Masana ena mlamu wake, mlongo wa malemu mkazi wake, yemwe ankayendetsa lole ya pakampani pomwepo, analowa osagogoda akupukuta manja ndi kansanza.

"Alamu, mukadali moyo m'dzenje muno? Ndimati mwina tiyambe kusonkha nkhuni."

"Khalani pansi. Musaponde waya."

"Ndikhale bwanji, fani yanuyi yandikana kale." Anakhalabe pa katoni ya mapepala. "Paja munati mukukonza chija chinatiwerengetsa misomali. Chafika pati? Msana wangawu ndinabadwa nawo umodzi, wapadera ndilibe."

"Chatsala pang'ono."

"Pang'ono wanuyo ndimamudziwa. Ndi yemwe uja munanena tikukhoma denga kwanu, mpaka mvula inatipeza pamwamba." Anasuzumira pa sikirini. "Ameneyu ndiye chibwenzi chija? Anyamata akuti masiku ano mumaseka nokha."

"Ndi munthu wa ntchito. Amandionetsa pomwe ndalakwitsa."

"Inu kulakwitsa? Achemwali anga ankati mumadziwa ndi machesi omwe atsala m'bokosi." Anaseka, koma ataona kuti mnzake sakuseka anaimirira, n'kupachika kansanza paphewa. "Muzituluka, alamu. Dzuwa salipiritsa. Ndipo chinthucho malizani, tisadzalirenso kawiri."

Atatuluka, fungo la dizilo linatsalira m'chipindamo. AMawaya anayang'ana disiki ija. Inali ikudzazanso pang'onopang'ono, ndipo pulogalamu yomwe kampani inkagwiritsa ntchito inali yakale yomwe ija, yosanena kanthu.

Lolemba m'mawa imelo inali itafika. Munalibe nthabwala. "Pepani kwambiri," analemba wosefayo. "Cholakwika ichi ndachifufuza Loweruka lonse, mpaka ndalephera kuperekeza mwana wanga kumpira. Ndikuona kuti ndine ndinakusokonezani ndi malangizo anga aja. Inu munali bwino pachiyambi. Mundikhululukire, ndakutayitsani nthawi."

AMawaya anavula magalasi n'kuwaika patebulo. Munthuyu sankamudziwa nkhope, ngakhale dziko lomwe amakhala. Tsopano anadziwa kuti ali ndi mwana wokonda mpira, ndipo anadziwa izi chifukwa chomubera Loweruka. Kunja anyamata ankaponyerana malata pa lole, phokoso lake likulowera pansi pa chitseko.

Mizere yopanda cholakwika ija anali nayo kale, anaisunga pambali kuyambira tsiku lomwe ntchito inapsa. Anaiyesanso: lamulo loyenda linabweza ziro, lokanika linabweza nambala yake, lodulidwa pakati nalonso linadziulula. Anaiphatikiza pa imelo, n'kulemba kuti, "Simunalakwe ndinu. Iyi ilibe vuto." Kenaka anadina batani lotumizira.

Yankho linabwera mawa lake, lalifupi ngati moni wa munthu wothamangira basi. "Zalowa. Zikomo chifukwa cha khama lanu." Pansi pake panali zilembo ziwiri zija, ndipo nkhaniyo inatsekedwa.

Anaika pulogalamu yatsopanoyo pa makina a kampani. Anaituma kukopera fayilo yomwe kulibe, ndipo nthawi yomweyo inanena poyera kuti zakanika. Inagwira ntchito bwino lomwe. Panalibe womuuza, choncho anathira tiyi n'kumwa ali chiimire.

M'mawa wotsatira anafikabe geti isanatsegulidwe. Mu imelo munali uthenga wa otsatsa inki basi. Anatsegula tsamba la gulu lija pomwe amaikapo mavuto omwe sanapeze wowakonza, n'kuyamba kuwerenga limodzi ndi limodzi, kufuna lomwe angalithe. Osefa pagululo anali ambiri, ndipo wotumiza sasankha womusefera.