Galimoto Yofiira ya Dyna

"Umo sindilowa ayi," anatero mayi Assunta atagwiritsa chitsulo cha pakhonde.

Dyna anayang'ana nthawi. Mayi okalambawa, a ku Italy, Dyna ankawasamalira mumzinda wa Rockville, ndipo m'mawa umenewo ankayenera kukasefetsa magazi kuchipatala poti impso zawo zinali zitatopa. Kujomba kunali kuika moyo pachiswe. Chonsecho galimotoyo Dyna anali atangoigula kumene, yofiira psuu, akuyembekezera kuyamikiridwa!

"Amayi, yalakwanji? Mpando ndapukuta."

"Ndi yofiira."

Dyna anaimbira mwamuna wake, Saulosi, kuti abwere ndi yake yoyera.

"Ndili pa msewu waukulu wa I-95, mayi a Rejoice, galimoto sizikusuntha n'komwe. Ndinakuuzanitu kuti yofiira ndi ya atsikana."

"Inu, ino si nthawi yoseka."

Anadula foni n'kukhala pa sitepe. Nthawi inkapita, komabe anawafunsa mayiwo modekha chimene chinavuta.

Mayi Assunta anafotokoza. Iwo ali mtsikana ku Rome, zigawenga zinaba Aldo Moro, yemwe anakhalapo nduna yaikulu ya dzikolo ndipo ankayesetsa kugwirizanitsa zipani zodana. Alonda ake anaphedwa pomwepo. Anthu anadikira milungu yambiri akupemphera. Mapeto ake anamupeza m'buti mwa galimoto yofiira atamuwombera.

"Ndinali m'khamu la anthu tsiku limenelo. Chiyambireni, yofiira sindikwera."

Dyna anamva chisoni. "Kwathunso nduna zinapezeka zitafa m'galimoto ku Mwanza, boma n'kumati ndi ngozi. Bambo anga ankangonong'ona, ana osaloledwa kufunsa."

Mayiwo anamuyang'anitsitsa. "Ndiye ukudziwa, mwanawe."

"Ndikudziwa. Koma tabwerani muone zimene yangayi imanyamula."

Anawagwira mkono, n'kuyenda nawo pang'onopang'ono mpaka kumbuyo kwa galimoto. Dyna anatsegula buti. Munali mpira wa mwana wake Rejoice, nsapato zamatope, ndi kabokosi ka mbande za tomato zomwe anagula dzulo lake n'kuiwala kutsitsa.

Mayi Assunta anasuzumira m'butimo n'kuona mbandezo. Kenako anakweza mawu.

"Iwe Dyna! Tomato amamutsekera motentha chonchi? Ukufuna afe? Ndipatse kuno!"

Anakhala mpando wakutsogolo, mbande zili pamiyendo, ndipo njira yonse ya kuchipatala anamukalipira Dyna za kathiriridwe ka tomato.