Mikono ya Amake Tiwo

Mainess Zulu, amene pa msika wa Mtendere ankadziwika kuti Amake Tiwo, sankachita kanthu asanakoke manja a juzi yake. Kasitomala akamupatsa ndalama, ankayamba wakoka. Munthu akatambasula dzanja kuti apereke moni, ankakoka kaye mpaka nsonga za zala zokha zitsale panja. Ngakhale foni ikalira, ankakoka ndiye n'kuyankha. Juziyo inali ya malemu mwamuna wake, Nason, yabulawuni, yokhuthala ngati bulangeti. Mu Juni anthu ankati n'chifukwa cha mphepo. Mu Okutobala, dzuwa likuwotcha malata a msika, ankati mayiyu sanamalize kulira mwamuna wake. Iye sankawatsutsa. Umasiye ulibe manyazi. Manyazi anali pansi pa juziyo.

Kuyambira m'zigongono kutsika m'mikono, khungu lake linali litachita zigamba zokhuthala, zotuwa ngati phulusa, zoyoyoka ngati mamba a nsomba. Zinkayabwa, ndipo akakanda zinkatuluka magazi. Sikuti anangokhala osayesa. Pa kiliniki ina anangomusuzumira ali chapatali, nati ndi mphere, namupatsa mankhwala odzola amene sanachite kanthu. Wogulitsa m'shopu ya mankhwala anamupatsa kachubu kamene kanachotsa zonse, koma katangotha zigamba zinabwerera zitatenga ndi zinzake. Mneneri wina wa ku Kalingalinga anamupatsa mafuta onunkhira ngati a kumaliro. Pamapeto pake Mainess anaganiza kuti matendawa ndi litsiro, ndipo litsiro ankadziwa kulimbana nalo. M'mawa uliwonse ankatereka madzi mpaka awire, n'kupaka sopo wochapira zovala, n'kukwecha mikono ndi mwala wa mapazi mpaka misozi ituluke.

Malonda ake anali salaula ya ana, zovala zovalidwa kale zobwera m'mabelo. Kuchokera pamene Tiwo, mwana wake yekhayo wamkazi, anaima, Mainess akatsegula belo ankayamba wapatula zabwino koposa, tizipewa, timasokosi, tishawelo, n'kuziika m'chikwama chachikulu cha pulasitiki, chija amati cha ukwa, pansi pa bedi. Tiwo ankakhala ku Marapodi ndi mwamuna wake Chrispin. Mwana wamkazi akachira, amene amapita kukamuthowa msana ndi madzi otentha, kukasambitsa khanda ndi kuyang'anira mchombo mpaka ugwe, ndi mayi ake omubereka. Zimenezi sizifuna kuitanidwa.

Koma foni imene inabweretsa nkhaniyo inali ya asebele ake, a Elina, amake Chrispin. Amenewa anaonapo dzanja la Mainess tsiku lina akusamba m'manja pa phwando, ndipo maso awo sanaiwale.

“Basebele, tapatsidwa kamtsikana. Mayi na mwana bonse bali bwino.”

Mainess anaimba nthungululu msika wonse n'kutembenuka. “Nibwera lelo lomwe!”

“Awe, musazivute manje. Ine niliko.”

“Ni nchito yanga iyo, basebele.”

“Tidziwa. Koma khanda khungu yake ni yofewa.” Mawu anatsika. “Vija va kumanja kwanu. Muyambe mwapola.”

Madzulo ake Tiwo anaimba yekha, akunong'ona ngati ali m'tchalitchi. “Amama, simubwera? Msana unibaba, ndipo apongozi nimachita nawo manyazi kunivula.”

“Nili na chifuwa, mwana wanga. Chikasila nizabwera.”

Analibe chifuwa. Chimene chinkamupweteka sichinali mwano wa a Elina ayi. Chinali chakuti iyenso ankaopa zomwezo. Ankaona m'maganizo kamdzukulu kake katatuwa thupi lonse ngati nsomba youma, anthu n'kumaloza amene wabweretsa.

M'mawa mwake anayala malonda ngati masiku onse. Pafupi naye pankakhala Luse Mwango, wogulitsa nsapato, Mubemba wa ku Kasama wa pakamwa posatseka. Abemba ndi anthu a kum'mawa kwa dziko, kwawo kwa Mainess, ndi achimbuya: amanyozana, amalandana zinthu, amasekana ngakhale pa maliro, ndipo wokwiya ndiye wolakwa.

“Iwe wodya mbewa,” anatero Luse, “dzulo unatigonthetsa na nthungululu. Lelo uli pano? Uvalika bana ba bene, wako ali chintako ku Marapodi?”

“Nisiye, iwe wodya anyani. Nili na chifuwa.”

“Chifuwa chosatsokomola? Kapena ni cha kwanu ku Petauke, chimakhala mu manja?”

Mainess anakoka juzi. Luse anaona. Anaika pansi nsapato imene ankapukuta, nabwera, nagwira dzanja la mnzakeyo n'kukankhira juzi m'mwamba mpaka m'chigongono, masana, pakati pa msika. Akanakhala munthu wina akanalandira mbama. Koma mbuya samenyedwa. Mainess anangouma, akudikira kuti mayiyo alumphe ndi kupukuta dzanja pa chitenje.

Luse sanalumphe. Anayang'anitsitsa, natembenuza mkonowo ngati akufuna kuugula.

“Ni ivi chabe? Ine nenze kuganiza kuti wabisamo mbewa zowamba, ufuna kudya weka.”

“Vimayambukira, Luse. Nisiye.”

“Anakuuza ndani?”

“Aliyense adziwa.”

“Aliyense ni dokota wa kuti? Unamuonapo dokota wa khungu?”

Mainess sankadziwa kuti kuli munthu wotero. Kwa iye dokotala anali dokotala basi. Luse anaseka mpaka wogulitsa tomato anafunsa chimene chachitika. Mwamuna wa Luse, a Whyson, anafa ziwalo mbali imodzi zaka zapitazo, ndipo mayiyu anayenda nawo m'makonde a chipatala mpaka kudziwa fungo la khomo lililonse.

“Chipatala si kantemba, mbuya, komwe munthu mmodzi agulitsa shuga, makandulo na mazira. Kuja aliyense ali na chitseko chake. Kuli ba mtima. Kuli ba maso. Ba Whyson amene banabayendetsa ni baja bowongola miyendo, kamkazi kochepa so, koma kankhanza monga msilikali. Kuli na ba mutu, bokamba nabo chabe. Manje khungu, chinthu chikulu so chokuta thupi lonse, ati ilibe mwine wake?”

Anamuphunzitsa poyambira. Abwerere ku kiliniki akapemphe kalata yomutumiza ku chipatala chachikulu cha m'tauni. “Osayamba na pepani pepani wa kwanu uja, mpaka kugwadira na mpando. Ukambe kuti namwa, nadzola, vakanga, nitumeni kwa ba khungu.”

Mainess anachitadi zimenezo, ngakhale pepani mmodzi anamupulumuka. Kalata anapatsidwa. Tsiku la kiliniki ya khungu litafika, awiriwo anafunditsa malonda awo ndi mapulasitiki n'kukwera minibasi ya m'tauni. Luse, amene ankati amadziwa chipatala ngati khitchini yake, anamukhazika pa mzere wa anthu a mano, ndipo anazindikira atangoona kuti aliyense wagwira tsaya.

“Banasintha vitseko,” anatero mosachita manyazi.

“Anyani bakusokoneza mutu,” anayankha Mainess. Aka kanali koyamba kuseka chibadwire mdzukulu wake.

Pa benchi ya khungu panali anthu ambiri kuposa mmene ankaganizira. Mayi wina anabereka mwana wachialubino wovala chipewa chachikulu. Mtsikana wina nkhope inali itapsa ndi mafuta oyeretsa khungu. Bambo wina wa tayi ankakanda m'mutu ndi kiyi wa galimoto. Panalibe woyang'ana mnzake. Mainess anakhala pakati pawo, thukuta likutsika m'juzi.

Dokotala anali mayi wachitsikana, wa tsitsi lalifupi, dzina lake Pumulo. Anamva nkhani yonse osadula mawu, kenako anati juzi ivulidwe. Mainess anavula pang'onopang'ono. Dokotala anasamba m'manja pa sinki, napukuta, nakoka mpando wake pafupi, nagwira mkonowo ndi manja ake osavala kanthu.

Mainess anaubweza msanga. “Ba dokota, valani magolovesi. Muli na bana imwe.”

“Nili nabo babili, amama. Bweretsani dzanja.”

Zala zoziziritsa zinayenda pa zigamba, zinakanda pang'ono m'mphepete, zinayang'ana zikhadabo, zinapatula tsitsi kuseri kwa makutu. Chimwalirire Nason panalibe munthu anakhudzapo khungu limenelo, kupatula Luse. Mainess anayang'ana kudenga.

Dokotala anatchula dzina la matendawo, lachingerezi, lalitali, limene Mainess analiiwala asanafike pa geti. Zotsatira zake ndizo sanaiwale.

“Si mphere, si khate, si litsiro. Khungu yanu ikula mofulumira maningi, ndiye iunjikana. Simunatenge kwa munthu, ndipo simungapatse munthu.”

“Olo khanda?”

“Olo khanda ya lelo.”

“Ya mchombo wosagwa?”

“Amama, olo mugone nayo bulangeti imodzi.”

Mainess anafunsanso kachitatu m'njira ina, ngati mmene amafunsira mwini belo ngati mulibe zong'ambika. Yankho silinasinthe. Pamenepo anapumira m'mwamba, ngati munthu amene watula mtolo wa makala pakhomo.

“Koma mabala aya si ya matenda,” anapitiriza dokotala. “Mumachita chani?”

Mainess anafotokoza za madzi owira, sopo ndi mwala. Dokotala anagwira pakamwa.

“Mwala muusiyire mapazi. Matenda aya mukayakwecha ndiye yakwiya. Sopo wochapira musagwire na manja, olo pang'ono. Na juzi iyi mu dzuwa so, muzipha mweka. Khungu ifuna mphepo na kadzuwa ka m'mawa.” Analemba mankhwala odzola ndi mafuta ofewetsa, nanena mosabisa kuti matendawa satheratu. Amagona, amadzuka, koma munthu akawadziwa amawagoneka. Kenako anafunsa kuti zinayamba liti.

“Titangoika bamuna banga.”

“Mumagona bwino?”

Mainess anayang'ana pansi, dokotala napitiriza.

“Nkhawa imayadzutsa. Kuseri kwa khonde ili kuli ba uphungu, munthu wophunzira kumvera vamene vili mu mtima. Nifuna mukamuone.”

“Kukamba nikamba tsiku lonse pa msika, ba dokota.”

“Pa msika mumakamba va bamuna banu?”

Mainess anapinda juzi pamiyendo, naisalaza. “Nizapita. Koma niyambe nasambika mwana.”

Anagwirizana kuti tsiku lobwera kudzaonetsa mikono adzalowenso khomo linalo. Potuluka sanavale juzi. Anaikoleka paphewa. Mphepo ya m'khonde inamukhudza m'zigongono ndipo anamva ngati wavula zonse, koma anayendabe. Luse anaimirira pa benchi, nayang'ana mikono, nayang'ana nkhope.

“Bakuti chani? Uzafa liti, nitenge malo yako?”

“Bakuti siviyambukira.”

“Ine sininakambe? Ndalama ya dokota unipatse ine.”

“Unanikhazika pa mzere wa mano, iwe.”

Anafika kunyumba dzuwa likupendeka. Mainess anatenga mwala uja m'bafa n'kuuponya kuseri kwa chimbudzi. Anasamba madzi ofunda chabe, nadzola monga anauzidwira, nakhala pakhomo mikono ili pamtunda. Mayi woyandikana naye, akuanula zovala, anayang'ana kamodzi, kawiri, kenako anafunsa ngati magetsi abwera. Nkhani inathera pomwepo.

Ndiye anaimba foni, osati kwa Tiwo, koma kwa a Elina.

“Basebele, mwachoma bwanji? Mchombo wagwa?”

“Ukalibe.”

“Chabwino. Mailo m'mawa nili pa khomo.”

“Mwapola kansi?”

“Sininapole, ndipo sinizapoleratu. Nachoka kwa dokota wa khungu, ku chipatala chikulu. Wanigwira na manja yake, osavala kanthu, mayi wa bana babili. Akuti ivi sivipita kwa munthu. Ngati mukayika, nizakuperekezani mukamufunse mweka, chitseko nachidziwa manje.”

 Chapatali kunkamveka kulira kwa khanda, kowonda ngati kwa kamphaka. Mainess anakanikiza foni kukhutu.

“Ise tenze kuopera chabe mwana,” anatero a Elina pomaliza.

“Na ine nenze kuopa, basebele. Sinikuimbani mlandu. Koma pali chimodzi chamene dokota waniletsa. Sopo wochapira. Ati nisagwire olo pang'ono. Ndiye mwana nizasambika ine, Tiwo nizamuthowa ine. Matewera ni yanu.”

A Elina anayamba kuseka asanafune, kenako anaitana mkati: “Tiwo! Amako babwera mailo, ati banilemba nchito!”

Mainess anadula foni asanamve yankho, chifukwa ankadziwa kuti akamva mawu a mwana wake alira, ndipo anali ndi zochita. Anasolola chikwama cha ukwa pansi pa bedi. Pamwamba pa tizipewa ndi timasokosi anaikapo zitenje, kathawulo kothowera, mankhwala ake atakulunga m'pulasitiki, ndi madiresi awiri a manja aafupi amene anali atayamba kununkha m'sutikesi. Makiyi a bokosi la malonda anawaika padera kuti akasiyire Luse, ngakhale ankadziwa kuti Mubembayo akadzitengera kashawelo kamodzi n'kunena kuti ndi malipiro.

Juzi ya Nason anaigwira kanthawi. Anaikung'untha, naipinda bwinobwino, naiika m'kabati pamodzi ndi mabulangeti a mu Juni. Kenako anakoka zipi ya chikwama, nachiimika pafupi ndi chitseko.