Pholo la Nyale ya Yunike

A Sosten ankayankha chilichonse ndi mawu amodzimodzi: "Zimenezo ndisiyireni ine." Denga likadontha, mbuzi ikathyola khola, mwana akabwezedwa kusukulu, iwo ankanena mawuwo kenaka n'kukwera njinga. Mkazi wawo Yunike anazolowera kudikira kuti njingayo ikhote, ntchitoyo n'kugwira yekha.

Tsiku limene pholo la nyale linagwa anateronso. Nyaleyo inali ya sola, anatumiza ndi mlongo wake wa Yunike kuchokera ku Joni, ndipo ndi imene inkaunikira chiwaya chake cha tchipisi pamsewu, kutsogolo kwa nyumba. Popanda iyo malonda ankatha dzuwa likangolowa, nthawi imene maminibasi amatsitsa anthu anjala.

"Ndi mphepo," anatero a Sosten. Anamasula nyale ndi sola yake, akuti akupita nazo kwa amisiri, pholo n'kulisiya pansi.

Masiku anapita. Tsinde la pholo linali m'simenti, losanyamulika kupita kwa owotcherera, choncho Yunike anapita kusitolo ya a Rashid pa Lisungwi. A Rashid anamupatsa guluu wa zitsulo wa timachubu tiwiri.

"Musakanize mofanana, mayi, koma pothyokapo mupale kaye mpaka pawale. Ndiye mwasintha maganizo eti? Bambo akunyumba pogula sowo ya zitsulo ankati nyaleyo mukuisamutsira ku Magaleta, kwa achemwali anu a Esnart."

Yunike analibe mchemwali ku Magaleta. Esnart ankamudziwa, anali woluka tsitsi. Anamanga guluu pansonga ya chitenje, n'kutsazika bwinobwino.

Atafika kunyumba anagwada patsinde paja ndi sandipepa. Pothyokapo panali popakidwa matope, ndipo matope atachoka panaoneka mizere ya mano a sowo, yowala, yozungulira pafupifupi pholo lonse. Mbali yotsalayo inachita kupindidwa ndi manja. Dzimbiri panalibe.

Anapitiriza kupala. Analowetsa chidutswa cha paipi m'tsinde, nasakaniza guluu pachivindikiro cha chitini mpaka mitundu iwiri ija itasanduka umodzi wotuwa. Anapaka, nadzutsa pholo, nalikhazika papaipi, nalichirikiza ndi mitengo yamphanda. Linaima njo, lopanda kanthu kumutu.

A Sosten anatulukira masana ali pa njinga.

"Kodi zimenezi wakutumani ndani, amake Tisungeni? Bwenzi mutandidikira."

"Nyale ili kuti?"

"Amisiri akuti batire lavuta."

"Amisiri ake oluka tsitsi aja?"

A Sosten anatsika, nayamba kutosatosa tcheni cha njinga.

"Bwerani muone, bambo a Tisungeni. Mphepo ya chaka chino ikumagula sowo kwa a Rashid, ikamaliza n'kupakapo matope."

"Anthu amalankhula," anatero iwo, maso ali patcheni. "Mkazi wapabanja kumaima pamsewu kukada, kuseka ndi makondakitala. Ine ndimachita manyazi."

"Esnart ndiye akuima ndi ndani pansi pa nyale ya mlongo wanga?"

Yunike anapukuta zala pachitenje, guluu n'kukanirira m'zikhadabo, nalowa m'nyumba. Malowo anali a amayi ake. A Sosten anabwera chikamwini atanyamula chikwama chimodzi chakuda, ndipo chinali chikadali pansi pa bedi. Yunike anachikuntha fumbi. Anaikamo mabuluku, malaya, jekete la kutchalitchi ndi tchaja ya foni. Bulangete anasiya, anagula yekha ndi ndalama za tchipisi.

Anatuluka nacho n'kuchimangirira ndi mphira pakaliyala ya njinga.

"Amalume akauza ankhoswe anu mawa. Nyale ifike pano dzuwa lisanalowe, mutume munthu wina," anatero Yunike. A Sosten anabwerera m'mbuyo, natambasula dzanja kufuna pogwira. "Musatsamire pholo," anatero Yunike. "Guluu sanaume."