Mpikisano wa Nkhalamba ndi Mphenzi

Abwana anali ataima kale pakati pa ofesi, kapu ya tiyi ili m'manja, pamene mlamu wake wa Ndevu anayambanso dandaulo lake la masiku onse. Ankati anthu akukalamba podikira pulogalamu imodzi, ndipo iye anayamba ntchito pamalopo mutu ulibe imvi.

Ofesiyo inali ya anthu asanu opanga mawebusaiti, m'chipinda cham'mwamba, pansi pake pali mashopu. Tsiku lonse ankalemba timafayilo ta JavaScript tambirimbiri, koma sankatitumiza pa intaneti tili tomwazikana. Panali pulogalamu yotisonkhanitsa, kutifinya ndi kutimanga mtolo umodzi kuti webusaiti izitseguka msanga. Pulogalamuyo anaipatsa dzina loti Nkhalamba, chifukwa ukaiuza kuti imange mtolo inkatha mphindi khumi ndi kuposerapo, laputopu ikupuma wefuwefu. Mlamuyo anali atapeza ina yatsopano, ndipo asanaiyese n'komwe anali ataitcha kale Mphenzi.

"Zongomva sindigwira nazo ntchito," anatero abwana, mayi wosakonda mawu ambiri. "A Ndevu, ziyeseni zonse ziwiri. Kompyuta imodzi, mafayilo omwewo, kangapo konse. Mundiuze yothamanga ndi iti."

Ndevu anavomera ndi mutu.

Dzina lakelo linali lachipongwe, chifukwa pachibwano pake ndevu zinakana kumera, ndipo anamupatsa ndi mlamu yemweyo chaka chimene anakwatira mlongo wake. Mu ofesi monsemo, Ndevu yekha ndiye ankaikonda Nkhalamba. Akaiyambitsa ankanyamuka, nati akukawongola miyendo, n'kutsika masitepe. Pansi pa masitepewo panali kashopu kodulira makiyi, ndipo mwini wake anali mtsikana wa mikono yamphamvu, woseka ndi maso. Ndevu ankafika, kupereka kiyi wa kunyumba kwake kuti amudulire wina, kuonerera makina akulira, kudandaula za kutentha, n'kubwerera Nkhalamba ikungomaliza. Mawu enieniwo, omufunsira, anali asanawatulutse. Ankati adzanena mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo unkangosuntha.

Anayamba kuyesa Nkhalamba, ndipo anaisamala ngati mwana wodwala. Anatseka mapulogalamu ena onse, nalumikiza chaja, nasendeza laputopu kuzenera kuti izipitidwa mphepo. Mapulogalamu otere amasunga zina za ntchito yapitayo kuti ulendo wotsatira asayambirenso pachiyambi, ndipo woyesa mwachilungamo amayamba wazifufuta. Ndevu sanafufute. Nkhalamba inamuthokoza pomaliza mu mphindi zisanu ndi zinayi.

Itafika nthawi ya Mphenzi anafufuta zonse, nazula chaja, natsegula mavidiyo atatu a mpira, mawu atatsitsiratu. Anadina batani, n'kuwerama kuti atole cholembera chimene chinagwa pansi. Podzuka anapeza yamaliza.

Anayang'anitsitsa sikirini nthawi yaitali. Kenako anadzilimbitsa mtima kuti mwina yanama, yamanga mtolo wopanda kanthu. Anatsegula webusaitiyo n'kuyendera tsamba lililonse ngati mwininyumba wofuna chifukwa chothamangitsira munthu wa lendi. Zonse zinali m'malo mwake, ndipo mtolowo unali wocheperako kuposa wa Nkhalamba. Potsiriza anapeza batani limodzi lopendekeka, mpaka anatsala pang'ono kuimba nyimbo. Atafufuza bwino anaona kuti batanilo linapendekeka chaka chatha, ndipo amene analipendeketsa anali iye mwini.

Apa m'pamene anavula juzi yake, naipinda, n'kukhazikapo laputopu kuti mpweya usalowe, nayambitsanso Mphenzi. Mphenzi inachedwako, inayandikira mphindi imodzi. Anawonjezera mavidiyo ena. M'chipindamo munayamba kumveka kafungo ngati ka simbi yoiwalika pamalaya, kenako sikirini inangoti bii, laputopu yazima.

Mlamu wake, amene nthawi yonseyi ankanamizira kulemba, anatembenuza mpando pang'onopang'ono.

"Alamu, kodi laputopu yanu ikumva kuzizira?"

Ndevu anayankha kuti tebulo likugwedera.

"Nanga mpirawo? Inu simudziwa n'komwe kuti timu imakhala ndi anthu angati."

Ndevu anayamba kufotokoza kuti kuyesa kwenikweni kumafuna kuona pulogalamu ili pamavuto, osati pamtendere pokha. Mlamuyo anamvetsera akugwedeza mutu mwaulemu, kenako anafunsa kuti nanga Nkhalamba mavuto ake anali ati, poti iye anaiona ikupitidwa mphepo pazenera. Akuyankhula choncho anakoka dilowa ya Ndevu kuti abwereke cholembera, ndipo dilowayo inalira ngati thumba la misomali. Munali makiyi okhaokha, onse ofanana.

Mlamuyo anawayang'ana, nayang'ana Ndevu, nayang'ana chitseko cha kumasitepe. Ananena motsitsa mawu kuti iye kunyumba kwa Ndevu amakudziwa, ndipo kuli chitseko chimodzi.

"Ndi wapansiyu eti?"

Makutu a Ndevu anatentha. Mlamuyo anaseka osatulutsa mawu, mapewa okha akugwedezeka, mpaka anapukuta misozi ndi juzi ija. Atapuma ananena kuti za juzi sakauza abwana, chifukwa chibale chilipo. Koma mkazi wake samubisira kanthu, ndiye madzulo omwewo nkhani ikafika kunyumba, ndipo mawa m'mawa mlongo wake wa Ndevu adzabwera yekha kudzaona mtsikanayo.

Ndevu ankamudziwa mlongo wake. Anali munthu woti moni asanathe amakhala atafunsa kale za makolo ako, ntchito yako ndi chifukwa chimene sunakwatiwe. Anapempha, anachonderera, analonjeza kugwira ntchito za mlamuyo mlungu wonse, koma mlamuyo anangoti mpata ulipo mpaka nthawi yoweruka, ndipo munthu wamkulu safunika kompyuta kuti imuperekeze.

Laputopu itazizira, Ndevu anayambiranso, tsopano mwachilungamo. Zonse ziwiri anazifufutira zakale, chaja ali pomwepo, mavidiyo palibe. Iliyonse anaiyesa kasanu n'kutenga nthawi yapakati. Nkhalamba ikamamanga ankakhala pampando osasuntha, manja ali pamaondo, akumvera makina odulira makiyi akulira pansipo. Kusiyana kwake kunali kochititsa manyazi: Nkhalamba mphindi khumi ndi ziwiri, Mphenzi masekondi osakwana makumi awiri.

Anapita nazo kwa abwana nthawi ya nkhomaliro isanakwane. Abwanawo anafunsa ngati mtolo wa Mphenzi ukugwira ntchito bwinobwino, ndipo iye anati wayendera tsamba lililonse, chimene chinali choona kuposa mmene iwo ankaganizira. Anagamula kuti kuyambira mawa Nkhalamba ipume. Kenako anamuyang'ana pamwamba pa magalasi awo.

"Miyendo yanunso ipumako, a Ndevu. Yawongoka mokwanira."

Anatuluka akudzifunsa ngati mu ofesimo munatsala munthu wosadziwa.

Anthu atabalalika kukadya, iye anatsika masitepe. Nthawi ngati imeneyo anali asanafikepo, ndipo anapeza kashopu kali kotseka. Mtima unayamba kumuuza kuti wayesetsa, abwerere. Koma potembenuka anamuona mtsikanayo atakhala pabenchi pafupi ndi khoma, nsapato atavula, kabokosi ka chakudya kali pambali pake.

"Lero mwasowa, achimwene. Makina ndathimitsa, mubwere masana."

Ndevu anati sanabwerere makina. Anafuna kuyamba ndi mawu amene anawakonza miyezi yonseyo, koma pakamwa panatuluka nkhani ya timafayilo. Anafotokoza za mtolo, za Nkhalamba, za Mphenzi, za mmene munthu amayesera liwiro, mpaka anaulula ndi za juzi zomwe. Mtsikanayo ankatafuna pang'onopang'ono, osamuchotsa maso.

"Ndiye mumabwera kuno chifukwa choti kompyuta imachedwa?"

"Ayi, achemwali. Iyo imangondipatsa njira. Kuyambira mawa sizichedwanso, ndiye ndati ndibwere ndekha."

Mtsikanayo anayang'ana zala za kumapazi kwake. Kenako ananena kuti iye nthawi yonseyi ankayesa kuti Ndevu sali pantchito, chifukwa munthu wolembedwa ntchito sangamakhale pamasitepe m'mawa ndi masana omwe, ndipo zimenezo n'zomwe zinkamudetsa nkhawa. Anafunsa ngati m'mwambamo amalandiradi malipiro. Ndevu anati inde. Anafunsanso ngati pambuyo pa za juzizo ntchito ikadalipo. Ndevu anati akukhulupirira choncho.

Mtsikanayo ananyamula kabokosi kaja n'kukaika pamiyendo pake, pabenchi n'kutsala malo a munthu mmodzi.

"Ine ndimatseka nthawi ino tsiku lililonse. Koma mawa mubwere ndi chakudya chanu, changachi n'chochepa."

Ndevu anakhala pansi.