Mainchesi Awiri ndi Theka

Bambo anga ndi telala, ndipo vuto la atelala n'lakuti amakhulupirira tepi kuposa munthu. Ukawauza kukula kwa m'chiuno mwako amangoti "tiona," n'kukuzinga tepi ngati akumanga wakuba. Zaka makumi anayi akhala m'kachipinda komweko kuseri kwa sitolo ya nsapato: makina osokera pawindo, choko kukhutu, tizidutswa ta nsalu mbwee pansi, ndi kalendala imodzi pakhoma imene inatha ntchito ine ndisanayambe sukulu.

Kalendalayo sinkachotsedwa chifukwa cha amayi. Inali ndi chithunzi cha kagombe kobisika pakati pa matanthwe awiri, mchenga woyera, madzi obiriwira, kopanda nyumba, kopanda msewu. Amayi akabwera kudzasokerera mabatani ankakhala moyang'anana nacho.

"Tsiku lina mudzanditengere kumeneko, aTelala," ankatero.

"Tikamaliza mayunifomu awa," bambo ankayankha, singano ili pakamwa.

Mayunifomu sanathe. Ana a sukulu amakula chaka ndi chaka, mwadala.

Chaka chino dokotala anatiuza mosapita m'mbali kuti maso a amayi akupita ndipo sadzabwerera. Anati mwina kwatsala miyezi ingapo. Ine ndinalira m'chipinda momwemo, mwana wamkulu wandevu m'mimba, koma amayi sanagwetse msozi. Tili panjira anandigwira dzanja n'kunena kuti, "Ndikufuna ndikaone kagombe kanga maso akadalipo, bambo akowa ali pambali panga. Zinazo ndilibe nazo ntchito."

Ndinafufuza mpaka ndinakapeza. Sikanali kutali monga tinkaganizira, ulendo wa tsiku limodzi pa basi. Koma njira zofikira pamchengapo zinali ziwiri zokha: pa boti kuchokera padoko, kapena wapansi kudzera kuphiri. Apa ndiye panagona nkhani. Bondo la amayi silikwera ngakhale masitepe a kuchipatala. Bambo nawo amaopa madzi moti pamlatho amadutsa pakati penipeni, maso ali pa nsapato zawo. Anthu amene sanasiyanepo ngakhale popita kumsika anayenera kupita kumalo amodzi panjira ziwiri.

Kunyumba ya alendo kumene tinagona anatipatsa kapepala ka mapu. M'mawa bambo anakayala pabedi, n'kukasalaza ndi chikhatho, n'kutulutsa tepi m'thumba la jekete. Anaika nsonga pamene njira yayambira, n'kukoka molunjika mpaka pagombe.

"Mainchesi awiri ndi theka," anatero monyadira. "Apa alemba kuti inchi imodzi ndi kilomita imodzi. Ola silikwana. Mukandipeza nditakhala, ndikukudikirani."

"Bambo, tiyeni tifunseko eni kuno," ndinatero.

"Ndifunsenji? Munthu amanama, tepi sinama."

Ndinafuna kuwakumbutsa kuti safunsa anadya phula, koma amayi ananditsina. Anali atavala diresi limene bambo anawasokera mwakabisira, la nsalu yobiriwira ngati madzi a pakalendala paja, ndipo sanafune mkangano pa tsiku lawo. Bambo ananyamuka 8 koloko, atavala jekete ndi nsapato zachikopa zopukuta bwino, kabotolo ka madzi kali m'thumba. Ankaoneka ngati akupita kukapempha ntchito.

Woyendetsa boti anali bambo wojintcha, wosalankhulalankhula, amene aliyense padokopo ankamuti aKaputeni. Anatimangirira majekete oyandamitsa n'kunena lamulo lake limodzi.

"Ikakwana 1 koloko tibwerera. Ikapitirira, mphepo imadzuka, pakhomo pa matanthwe paja sipadutsika. Sindidikira munthu."

"Amuna anga akatipeza komweko," amayi anatero. "Adzera kuphiri."

"Ali ndi zaka zingati?"

"Makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu ndi zitatu."

AKaputeni anayang'ana phirilo, n'kuyang'ana ine. "Achinyamata amayenda maola atatu," ananena chapansipansi, n'kuliza injini.

Tinafika cha m'ma 10 koloko. Boti linalowa pakati pa matanthwe awiri ngati likulowa pageti, ndipo mafunde onse anatsalira kunja. M'katimo madzi anali phee, oonekera mpaka pansi, tinsomba tikuthawa mthunzi wa boti. Mchenga sunali waukulu, mwina ngati bwalo la mpira wa ana. Kumbuyo kwake kunali phompho lamitengo, ndi kanjira kotsika mokhotakhota. Panalibe wogulitsa kanthu, panalibe wailesi, ngakhale foni sinkagwira. Ndinena zoona, kalendala ija inatinamiza pang'ono: pamalopo m'pokongola kuposa chithunzi.

Koma bambo panalibe.

Ndinawakhazika amayi pansi pa mtengo, ndinawavula nsapato. "Kukongola kwake!" anatero, akufukula mchenga ndi zala. Ine sindinawalabadire. Maso anga anali pakanjira kaja, ndipo ndinali nditakwiya. Zaka zonsezi munthu akulonjeza, tsiku lafika, iye n'kulitaya chifukwa cha tepi! Anatsika anyamata awiri a zikwama kumsana, ndinawafunsa. Anati adutsa mkulu wina wa jekete kutali ndithu, atakhala pamwala, ndipo wawauza kuti akungopuma pang'ono.

Itakwana 12 koloko ndinalephera kupirira. Ndinawasiya amayi m'manja mwa aKaputeni n'kuyamba kukwera. Kanjirako sikanali ka munthu wa nsapato zachikopa. Kankakwera, n'kutsika, n'kuzungulira chigwa, n'kukweranso, miyala ikugubuduka pansi pa mapazi. Ndinkakonza mawu oti ndikawalalatire bambo, ndipo anali mawu abwino kwambiri.

Ndinakumana nawo pokhota pachitatu. Ankatsika chokhala, akudzikhwekhwereza ndi manja, jekete atalimanga m'chiuno, thukuta lili kamukamu. Nsapato yakumanja inali itasanduka ng'ona, yayasama kukamwa, ndipo anali ataimanga ndi tepi yawo ija, kuzunguliza kanayi n'kumanga mfundo. Tepi imene ife ana sitinkaloledwa n'kuikhudza komwe. Mawu anga onse anathawa. Ndinawamvera chisoni chimene sindinawamverepo chibadwire.

"Mapu aja anachita kuwasita," anatero ali wefuwefu. "Phiri ndi nsalu yamakwinya, mwanawe. Ukaiyeza osaitambasula umadula choperewera. Ine ndimauza anthu zimenezi tsiku ndi tsiku." "Amako akadalipo?"

"Alipo. Koma boti linyamuka 1 koloko."

Anandikoloweka dzanja paphewa, tinatsika ngati anthu a miyendo itatu. Titaponda mchenga n'kuti kutatsala mphindi khumi ndi zisanu.

Amayi anali pomwe ndinawasiya. Bambo anawongola msana, anapukuta nkhope, n'kuyenda molunjika kwa iwo, mwaulemu wake wonse. Anaima patsogolo pawo penipeni, mapazi asanu okha. Amayi anakweza mutu n'kumwetulira mwaulemu, monga umachitira ndi mlendo.

"Ndinu aKaputeni? Chonde tadikirani pang'ono, amuna anga ali pafupi."

Bambo anaima chilili. Ine ndinagwira pakamwa. Apo m'pamene ndinazindikira kuti maola onse aja amayi anakhala atayang'ana kuthanthwe, osati kumadzi.

"Ndine, amake mwana," bambo anatero. "Kodi simukundiona?"

"Ha, aTelala! Mwafika?" Anatambasula manja n'kuwagwira mwendo wa buluku. "Khalani apa. Ndikuona kuwala kokha, zonse zili mbuu. Zinayamba mwezi watha. Ndinaopa kunena, mukanati palibenso chopitira."

Bambo anakhala pansi ngati thumba. Kenako anati, "Ndinakuchedwetsani ndine. Mayunifomu aja..."

"Mayunifomu aja ndi amene anaphunzitsa ana. Musandithere nthawi ndi maliro, boti likudikira. Tandiuzani, kodi n'chimodzimodzi ndi pakalendala?"

Bambo anawatembenuza mapewa pang'onopang'ono kuti ayang'ane kumadzi. Anapukuta m'maso ndi mkono wa shati, n'kuyang'ana malowo monga amayang'anira nsalu asanaidule.

"Pafupi pano madzi ndi obiriwira, koma osati ngati diresi lanuli. Ndinalakwitsa, kalendala ija inasuluka. Awa ndi owala, ngati layiningi uja tinasokera kunsi kwa diresi la ukwati la mwana wa aphunzitsi."

"Woterera uja? Amene anakuvutani pa makina?"

"Yemweyo. Kutsogoloko akuderako, ngati nsalu ya mabuluku a asikiyuliti. M'mphepete muno thovu lapanga mpendero woyera, wopyapyala, koma wosoka wake dzanja silinakhazikike, ukupita uku ndi uku."

Amayi anaseka mpaka kutsokomola. "Nanga matanthwe?"

"Awiri, ngati kolala ya jekete. Lakumanzere latalikirapo. Akanakhala kasitomala akanabweza."

Ndinapita kukaima kumadzi kuti asandione ndikulira. AKaputeni anayang'ana wotchi, n'kuyang'ana anthu awiri aja, n'kuyamba kupukuta injini imene inali yoyera kale. Anaipukuta mphindi khumi zathunthu. Kenako anakhosomola.

"Akuluakulu, mphepo ija yayamba."

Apa panabuka funso limene tonse tinkalizemba. Bambo sakanatha kubwerera wapansi. Mapazi anali matuza okhaokha, madzi anawathera kalekale. Anayang'ana phiri, anayang'ana boti, nkhope inachita kutuwa.

"Ine ndigona pompano," anatero. "Mawa ndiyamba m'mamawa."

"Ndiye tigona awiri," amayi anatero, n'kupinda manja.

Bambo amawadziwa akazi awo. Anadzuka okha. AKaputeni anawamangirira jekete loyandamitsa, bambo n'kudandaula kuti wosoka wake sadziwa ntchito, kenako tinawakweza ngati katundu wosweka. Anakhala pakati penipeni pa benchi, dzanja lina litagwira thabwa, lina litagwira amayi, maso atatsinzina zolimba.

Titatuluka pakati pa matanthwe, funde loyamba linatinyamula n'kutitsitsa. Bambo anabuula. Amayi anakweza dzanja n'kuwapapasa kumaso, ndipo zala zawo zinapeza zikope zotsekeka.

"Aa, aTelala, mwatsinzina?"

"Ndisiyeni, ndikufa ine."

"Simukufa. Tsegulani maso. Tikatsinzina tonse awiri, ationere ndani?"

Ndinaona bambo akumenyana ndi zikope zawo. Linatseguka limodzi, kenako linalo. Anayang'ana madzi amene akhala akuwathawa moyo wawo wonse, dzanja litafinya la amayi mpaka kuyera.

"Kuli mbalame," anatero potsiriza. "Zitatu. Zoyera, koma mapiko anazipachika zigamba zakuda."

"Zikupita kuti?"

"Dikirani ndione bwino," anatero bambo, ndipo sanatsinzinenso mpaka padoko.